Anavulalapo msana: kodi angalowe usilikali?

Nthawi iliyonse gulu la asilikali a dziko lino la Malawi Defence Force, MDF mwachidule, likalengeza kuti likufuna kulemba achinyamata ntchito, ofuna mwayiwu amachuluka kuposa malo amene alipo. Anyamata ndi atsikana amalawirira, satifiketi ya MSCE ili m'manja, ena atayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi. Izi n'zosadabwitsa. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa anali osakwana zaka 18. Ambiri mwa ana a nthawi imeneyo ndi amene lero akusaka ntchito, pamene ntchito zolembedwa ndi zowerengeka. Kwa wachinyamata amene analekezera Fomu 4, usilikali ndi imodzi mwa ntchito zochepa zokhala ndi malipiro a mwezi ndi mwezi komanso tsogolo looneka.

Pakati pa achinyamatawa pamakhala ena amene anavulalapo msana. Wina anachita ngozi panjinga yamoto ya kabaza, wina anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono, wina anamva kubaya m'chiuno ponyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50, wina anapwetekedwa pampira. Ambiri anachira ndipo akulima, akuumba njerwa, akuthamanga bwinobwino. Koma ikayandikira nthawi yokaonana ndi madotolo a asilikali, pakhomo pamabuka funso: kodi akaulule, kapena akangokhala chete? Ofunsidwa amakhala makolo, amalume kapena volontiya wa zaumoyo wa m'mudzimo, ndipo uphungu umene umafulumira kutuluka ndi wakuti, "Usakanene, angakubweze."

Uphungu umenewu ndi woopsa, ndipo nthawi zambiri ndi wosafunika n'komwe. Kuvulala msana kalekale pakokha sikutseka khomo la usilikali. Nkhani yagona pa chimene chinavulala, mmene chinapolera, komanso ngati msanawo ungapirire katundu wolemera tsiku ndi tsiku. Pali ena amene angalowe popanda vuto, ena ofunika kudikira kaye, ndi ena amene ntchitoyi ingawalumalitse. Kubisa kumasokoneza magulu atatuwa.

Chifukwa chake asilikali amaunika msana

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana kuyambira m'khosi mpaka m'munsi mwa chiuno. Timafupa 24 timatha kuyenda munthu akamawerama kapena kutembenuka, pamene totsalato tinalumikizana. Pakati pa timafupa toyendato pali tizinthu tofewa tokhala ngati khushoni, timene madotolo amatitcha ma disc. M'kati mwa mzere wa mafupawu mumadutsa chingwe cha mitsempha yochokera ku ubongo, imene imatumiza mauthenga kumanja, kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Timafupa tisanu ta m'chiuno ndi timene timasenza kulemera kwa thupi lonse lakumtunda, kuphatikizapo chilichonse chimene munthu wabereka kumsana kapena wasenza pamutu.

Msilikali woyenda pansi amabereka zambiri: chikwama, madzi, chakudya, zipolopolo, chovala chotchinga zipolopolo, chipewa cholimba ndi mfuti. Kuti tione kukula kwa katunduyu, asilikali oyenda pansi a ku Britain amayesedwa poyenda makilomita 4 atanyamula makilogalamu 40 m'mphindi zosaposa 50, kenako makilomita ena 2 ndi makilogalamu 25 m'mphindi 16. Ku America kuli mayeso odziwika oyenda makilomita pafupifupi 19 ndi chikwama cha makilogalamu 16 m'maola atatu.

Wina anganene kuti mwana wa kumudzi anazolowera kale zolemera. Ndi zoona, koma pali kusiyana. Mlimi akamva msana amaika khasu pansi n'kupuma pamthunzi, ndipo mawa lake akhoza kusankha ntchito yopepuka. Wophunzira usilikali ku koleji ya MAFCO ku Salima sasankha nthawi yopuma, liwiro loyendera kapena kulemera kwa chikwama. Amachita zimene walamulidwa kwa miyezi yotsatizana, tulo tili tochepa. Thupi limadzikonza munthu akamapuma, ndiye kupuma kukachepa, malo amene anali ofooka kale ndi amene amayamba kugonja.

Akatha maphunziro, ntchito yake sipepuka. Kuyambira m'chaka cha 2013 asilikali a dziko lino akhala akutumikira pansi pa bungwe la United Nations kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, kumene amayenda m'nkhalango zowirira ndi m'mapiri. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera, asilikali ndi amene anali m'matope kufukula ndi kunyamula anthu. Enanso amaphunzira kudumpha m'ndege ndi parachuti, ndipo potera pansi msana umalandira mphamvu yaikulu. M'malo oterewa msilikali mmodzi akalephera kuyenda, anzake angapo amasiya ntchito yawo kuti amunyamule, ndipo gulu lonse limakhala pachiopsezo.

Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2010 anaunika asilikali a dziko la America oposa 34,000 amene anachotsedwa kunkhondo ya ku Iraq ndi Afghanistan pa zifukwa za umoyo pakati pa 2004 ndi 2007. Pa 100 alionse, 24 anachotsedwa chifukwa cha mavuto a minofu, mafupa ndi molumikizira mafupa, 14 chifukwa chovulazidwa pankhondo, ndipo 7 chifukwa cha kupweteka kwa msana ndi khosi. Apa n'zoonekeratu kuti thupi lotopa limachotsa asilikali ambiri pantchito kuposa chipolopolo. Kafukufuku wa m'magulu a asilikali osiyanasiyana wakhalanso akusonyeza kuti amene anavulalapo kale, amene thupi lawo silinakonzekere, ndi amene amasuta fodya, ndi amene amavulala kwambiri pamaphunziro oyambirira.

Kuvulala msana kuli mitundumitundu

Mawu akuti "anavulala msana" amabisa zinthu zosiyana kwambiri. Tikhoza kuzigawa panayi.

Gulu loyamba, limenenso ndi lalikulu, ndi kupweteka kochokera m'minofu ndi m'timitsempha tomanga mafupa. Munthu wanyamula chinthu molakwika kapena wagwa, msana wauma kwa masiku angapo, koma palibe fupa lathyoka ndipo ululu sukutsikira kumwendo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi vuto la kupweteka kwa msana wa m'munsi, ndipo pa anthu 10 alionse odwala chonchi, 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene dotolo angailoze. Ambiri amapeza bwino pasanathe masabata 6. Wachinyamata amene zinamuchitikira kamodzi zaka zingapo zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo wakhala akugwira ntchito zolemetsa osamva kanthu, ali ndi mwayi wabwino.

Chofunika kusamala pagululi ndi kubwerezabwereza. Kafukufuku wina wa ku Australia wa m'chaka cha 2019 anapeza kuti pa anthu 10 amene anali atangochira kumene, pafupifupi 7 anamvanso msana chaka chisanathe. N'chifukwa chake dotolo amafuna kudziwa kuti ululuwo wabwera kangati komanso unabwera liti komaliza. Msana umene umadzuka nyengo iliyonse yolima ukupereka chenjezo.

Gulu lachiwiri ndi la disc. Kakhushoni kaja kakang'ambika, zam'kati mwake zimatuluka n'kupana mtsempha wopita kumwendo. Munthu amamva ululu wonga moto kapena magetsi kuchokera m'thako kutsikira kuntchafu mpaka kuphazi, nthawi zina ndi dzanzi. Kutsokomola kapena kukhala pansi nthawi yaitali kumawonjezera ululu. Nkhani yabwino ndi yakuti ambiri amachira popanda opareshoni, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti pa anthu atatu alionse, mwa awiri chotulukacho chimafota chokha pakapita miyezi. Koma ngati dzanzi latsala, kapena phazi likukanika kudzuka bwino poyenda, mtsempha sunachire, ndipo katundu wa usilikali akhoza kuuwononga kotheratu.

Gulu lachitatu ndi kuthyoka kwa fupa. Munthu akagwa kuchokera pamwamba n'kufikira matako kapena mapazi, fupa limodzi la msana likhoza kuphwanyika pang'ono kutsogolo kwake. Kuphwanyika kochepa kumapola m'miyezi pafupifupi itatu. Kukakhala kwakukulu, msana umasintha kaimidwe ndipo kulemera kumagwera malo olakwika. Palinso mng'alu umene umabwera pang'onopang'ono kumbuyo kwa fupa la m'munsi mwa chiuno, makamaka mwa achinyamata ochita masewera olimba. Wotere amamva kupweteka akamapindikira chagada, ndipo mwa ena fupalo limasendera kutsogolo.

Gulu lachinayi ndi la amene anachitidwa opareshoni yolumikiza mafupa a msana ndi zitsulo, kapena amene chingwe cha mitsempha chija chinakhudzidwa mpaka miyendo inafooka. Ngakhale munthu wotere atayambanso kuyenda, mbali yolumikizidwayo sipindikanso, choncho mafupa oyandikana nayo amagwira ntchito yowirikiza. Kwa gulu limeneli, chilungamo chake n'chakuti usilikali si ntchito yoyenera.

Zimene madotolo a asilikali amayang'ana

M'dziko muno mawu omaliza ali ndi madotolo a MDF, motsatira zofunika zimene zimatchulidwa m'chilengezo cha ntchito. Komabe maiko ena anasindikiza poyera malamulo awo, ndipo kuwerenga malamulowo kumatithandiza kumvetsa mmene dotolo wa asilikali amaganizira, popeza msana wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse.

Ku America unduna wa za chitetezo uli ndi chikalata chotchedwa DoD Instruction 6130.03. Chikalatachi chimayang'ana kwambiri zaka ziwiri zapitazo: ngati m'nthawi imeneyo vuto la msana linamulepheretsa munthu kugwira ntchito zolimba, linamuchititsa kuvala lamba wochirikiza msana, kapena kumwa mankhwala kwa masabata oposa 6, ndiye kuti sanakwanitse zofunika. Pa fupa lophwanyika, malamulowa amalola ngati fupa ndi limodzi, gawo lophwanyikalo silinafike pa 25 mwa magawo 100, papita miyezi yoposa 12 ndipo munthuyo samvanso kanthu. Amene anachitidwa opareshoni yochotsa chotuluka cha disc pamalo amodzi akhoza kuloledwa ngati watha miyezi 12 akuchita chilichonse popanda choletsa. Opareshoni yolumikiza mafupa imamuchotsa munthu pamndandanda. Kumenekonso kuli njira yopempha kuti nkhani ya munthu iunikidwe payokha, ndipo chimene chimathandiza popempha ndi zikalata za kuchipatala zosonyeza kuti anachira.

Malamulo a ku Britain amakhudza Amalawi ena mwachindunji, chifukwa nzika za maiko a mu Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, zimatha kulembedwa m'gulu la asilikali a dzikolo. M'mwezi wa Novembala 2018 boma la Britain linachotsa lamulo lakuti ofunsira ochokera m'maikowa akhale atakhala kaye m'dzikomo zaka zisanu. Pamndandanda wa mavuto amene angamulepheretse munthu kulowa, asilikali a ku Britain amatchula opareshoni ya msana, msana wosaumbika bwino, ndi kupweteka kwa msana kokhalitsa kapena kobwerabwera. Banja limene likuganiza zogulitsa ng'ombe kapena munda kuti mwana akayese mwayi kumeneko liyenera kudziwa zimenezi lisanawononge ndalama.

Tikaphatikiza malamulo awiriwa, mafunso amene akutuluka ndi anayi. Chinavulala n'chiyani? Papita nthawi yaitali bwanji chipolereni? Kodi vutolo labwereranso? Nanga munthuyo akutha kugwira ntchito yolemetsa popanda mankhwala kapena lamba? Pa mafunso onsewa, amene amapindula ndi amene ali ndi umboni. Wachinyamata wonena kuti, "Ndinagwa panjinga zaka zitatu zapitazo, anandijambula, fupa silinathyoke, buku langa ndi ili," amamupatsa dotolo poyambira. Amene wakana zonse koma ali ndi chipsera kumsana kapena mphini zondandalika m'chiuno amachititsa dotolo kukayikira china chilichonse chimene wanena.

Chithunzi cha kuchipatala sichinena zonse

Makolo ena amaganiza kuti akangojambulitsa mwana X-ray ndiye kuti nkhani yatha. Makina a X-ray amaonetsa mafupa, kotero amathandiza kuona kuthyoka, kusendera kwa fupa ndi kupindika kwa msana. Saonetsa bwino disc, mitsempha kapena minofu. Munthu akhoza kukhala ndi X-ray yooneka bwino pamene mtsempha wake uli wopanidwa.

Makina a MRI amaona zonsezi, koma amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ndipo ndi okwera mtengo. Nawonso ali ndi msampha wake. Akatswiri amene m'chaka cha 2015 anasonkhanitsa zotsatira za anthu opanda vuto lililonse la msana anapeza kuti pa achinyamata 100 a zaka 20, pafupifupi 37 anali ndi zizindikiro za kutha kwa disc, ndipo 30 anali ndi disc yotundumuka. Onsewa sankamva kupweteka. Choncho chithunzi chikhoza kuopseza munthu wabwinobwino, monganso chingapereke chilimbikitso chabodza kwa wodwala. Dotolo wodziwa ntchito amayamba ndi kufunsa mbiri, kenako amaona mmene munthu akuweramira, mphamvu ya miyendo, kuyenda ndi zidendene ndi zala, ndiponso ngati kukweza mwendo atagona chagada kukudzutsa ululu. Kujambula kumabwera pakakhala chifukwa.

Mtengo wa kubisa

Ku America kubisa kunayamba kuvuta m'chaka cha 2022, pamene malo olembera asilikali anayamba kugwiritsa ntchito makina a kompyuta otchedwa MHS Genesis, amene amatha kuona mbiri ya kuchipatala ya wofunsira. Kuno kwathu mbiri ya munthu imakhala m'buku la kuchipatala limene amasunga yekha. Kulisiya kunyumba kapena kugula latsopano n'kosavuta, ndipo apa ndi pamene pagona chiyeso. Koma akuluakulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva. Buku likhoza kutsala m'sutikesi, koma msanawo upita nawo ku Salima, ndipo chikwama chidzaufunsa mafunso amene dotolo sanafunse.

Wobisa amaika pachiswe zinthu zitatu. Choyamba ndi thupi lake. Disc imene inali pafupi kupola ikang'ambikanso, kapena fupa losendera likasenderanso, munthu akhoza kutsala ndi ululu wa moyo wonse kapena mwendo wofooka. Amabwerera kumudzi wopanda ntchito ya usilikali, komanso wosatha kulima kapena kupalasa njinga monga ankachitira kale. Banja limene linkayembekezera thandizo limapezeka likusamalira wodwala.

Chachiwiri ndi mbiri yake. M'malamulo a asilikali a ku America ndi ku Britain, kunama polembedwa ntchito ndi mlandu, ndipo munthu akhoza kuchotsedwa zikadziwika. Kulikonse, munthu amene anasaina kuti sanavulalepo amavutika kudzadandaula pambuyo pake madotolo akaona kuti bala lake ndi lakale.

Chachitatu ndi mankhwala. Achinyamata ena amamwa bulufeni, indosidi kapena diclofenac wambiri tsiku la mayeso othamanga kuti asamve ululu. Mankhwalawa amachepetsa magazi opita ku impso. Munthu akawamwa n'kuthamanga padzuwa, thukuta lili kamukamu, madzi akumwa ochepa, impso zikhoza kuvulala mwadzidzidzi. Amathanso kuyambitsa zilonda za m'mimba. Ena amafika pomwa tramadol, amene amachititsa chizungulire, amatha kuyambitsa kukomoka ngati khunyu, ndiponso munthu amamuzolowera n'kulephera kusiya. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo kumugoneka mlonda pa tsiku la ntchito yolemetsa n'kuitana ngozi. Wachinyamata akatuluka mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pothamanga kwambiri, minofu ikupweteka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso atambwali amene amayendayenda nyengo yolemba asilikali, kulonjeza malo kapena chikalata cha dotolo chonena kuti munthu ali bwino. Akuluakulu a MDF akhala akuchenjeza kuti kulowa usilikali sikulira ndalama. Chikalata chogula sichilimbitsa msana, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Nthawi zina si kuvulala kuja

Mavolontiya a zaumoyo ayenera kukumbukira kuti munthu amakonda kuloza ngozi yakale pa ululu uliwonse wa msana, pamene gwero lake likhoza kukhala lina. M'dziko muno matenda awiri ndi ofunika kuwaganizira.

Oyamba ndi TB ya msana. Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu kamatha kukhazikika m'mafupa, ndipo pafupifupi theka la odwala TB ya m'mafupa amakhala nayo mumsana. Imayamba pang'onopang'ono: ululu wosatha ngakhale munthu atagona, kutentha thupi madzulo, thukuta la usiku, kuonda. Munthu akhoza kukhala nayo osatsokomola. Ikachedwa kupezeka, mafupa amadyeka, msana umatuluka linunda ndipo miyendo imatha kufa. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa kwa miyezi yambiri osadukiza. Amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pachiopsezo chachikulu.

Achiwiri ndi likodzo. Ambiri timalidziwa ndi mkodzo wa magazi, koma mwa anthu ochepa mazira a tizilombo take amakafika pachingwe cha mitsempha ya mumsana. Wachinyamata wa m'mbali mwa nyanja, m'madambo kapena m'masikimu a mpunga akayamba kumva msana, miyendo n'kumafooka m'masiku ochepa, mkodzo n'kumavuta, afunika chipatala mwachangu.

Zizindikiro izi zisadikire tsiku la kiliniki kapena mphini za kwa asing'anga: kukanika kukodza kapena kudzikodzera ndi kudziyipitsira osazindikira, dzanzi kumaliseche, kumatako ndi m'kati mwa ntchafu, kufooka kwa miyendo kumene kukukulirakulira, kupweteka kwa msana pamodzi ndi kutentha thupi kapena kuonda, ndi ululu waukulu pambuyo pa ngozi ya pamsewu kapena kugwa kuchokera pamwamba. Zizindikiro zitatu zoyambazo zikhoza kutanthauza kuti mitsempha ya m'munsi mwa msana yapanidwa, ndipo apa kuchedwa kwa maola kumasiyanitsa kuchira ndi kulumala. Wovulala pangozi amene akudandaula msana kapena khosi asamukhazike panjinga. Anyamulidwe atagona pa chinthu cholimba monga chitseko, mutu ndi thupi zili mowongoka.

Kukonzekera koyenera

Wachinyamata amene anavulalapo msana ndipo mtima wake uli pa usilikali asadikire chilengezo. Ayambe ndi kupita kuchipatala chachikulu cha m'boma lake, buku lakale lili m'manja. M'zipatalazi muli madotolo a mafupa otchedwa ma orthopaedic clinical officer, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 1985, ndipo ndi amene amathandiza anthu ambiri othyoka mafupa m'maboma. Iwo akaona kuti m'pofunika amatumiza munthu ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli chipatala cha LION chimene chimaona za mafupa, ubongo ndi msana. A mafizo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Wachinyamatayo afotokoze cholinga chake momveka, afunse dzina la vuto limene anali nalo, ndipo apemphe kuti zimene apeza zilembedwe m'buku.

Dotolo akavomereza, kulimbitsa thupi kuyambe pang'onopang'ono kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Masabata oyamba akhale oyenda ndawala kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndi mafizo olimbitsa minofu ya pamimba, kumsana, matako ndi ntchafu. Kuthamanga kubwere pambuyo pake, mtunda n'kumawonjezeka pang'ono sabata iliyonse. Chikwama chibwere pomalizira, kuyambira makilogalamu 5, chomangidwa bwino kuti chisamagubuduke kumsana. Osawonjezera mtunda ndi kulemera sabata imodzi. Kuthamanga sikufika: ambiri amavulala chifukwa chofuna kuchita m'masabata awiri zimene zimafuna miyezi.

Kukonzekera kotereku ndi mayeso achilungamo. Kumva kuphwanya m'minofu kumene kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri ndi kwachibadwa. Koma ululu ukamatsikira kumwendo, dzanzi likabwera, kapena ngati munthu sangathe kumaliza popanda kumwa mankhwala, ndiye kuti msana wayankha, ndipo ndi bwino kumva yankholo uli kwanu kusiyana ndi kulimva uli pakati pa maphunziro.

Zinthu ziwiri zimene anthu amazikhulupirira n'zofunika kuzisiya. Kugona masiku ambiri sikuchiza msana; kumafooketsa minofu, ndipo amene amayendayenda mmene angathere amachira msanga. Lamba wa m'chiuno nayenso si mankhwala. M'malangizo amene WHO inatulutsa mu Disembala 2023 okhudza kupweteka kwa msana kokhalitsa, bungweli linalimbikitsa mafizo ndi kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, ndipo linati malamba, kukoka msana ndi makina, komanso mankhwala amphamvu a gulu la tramadol zisagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Wosuta fodya asiye, chifukwa fodya amachepetsa magazi opita kumafupa ndi ma disc ndipo amachedwetsa kupola.

Gawo la makolo ndi mavolontiya

Wachinyamata amabisa kawirikawiri chifukwa choopa kukhumudwitsa a pakhomo. Akudziwa kuti fizi yake inachokera m'fodya kapena mbuzi zimene zinagulitsidwa, ndipo abale ake akumuyang'ana. Kholo limene lamuuza mwana kuti, "Ukanene zoona, ukabwezedwa ubwere, pano ndi pako," lamuchotsera katundu wolemera kuposa chikwama. Makolo ndi amenenso amakumbuka zimene mwana anaiwala: chaka chimene anagwa, masiku amene anagonekedwa, ngati anamuika pulasitala kapena anamuchita opareshoni. Mbiri imeneyi ndi yothandiza kwa dotolo, ndipo mabuku akale a kuchipatala asatayidwe ngakhale atadzaza.

Volontiya sangagamule kuti uyu alowa kapena salowa, ndipo asayese kutero. Ntchito yake ndi kufunsa mafunso anayi aja, kuyang'ana zizindikiro zoopsa, kulumikizana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndi kutumiza wachinyamatayo kuchipatala nthawi ikadalipo. Asunge chinsinsi, chifukwa nkhani ikamveka pamjigo, achinyamata ena sadzabweranso kudzafunsa. Achenjezenso za mankhwala ogula pagolosale ndi m'misika, amene anthu amamwa osadziwa mlingo wake.

Kubwezedwa chaka chino nthawi zina kumangotanthauza kuti nthawi sinakwane. Amene wauzidwa kuti adikire, ngati zaka zake zikulola, akhoza kudzayesanso ali ndi msana wolimba ndi buku losonyeza zimenezo. Amene wauzidwa kuti ntchitoyi si yake ali ndi njira zina, monga maphunziro a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, uphunzitsi, zaumoyo ndi bizinesi, ndipo zonsezi zimafuna munthu woyenda ndi miyendo yake. Wachinyamata wa zaka 20 ali ndi zaka zambiri zoti msana womwewo umugwirire ntchito, umuberekere ana ndi kumudyetsa, kaya avala yunifomu kapena ayi.